Kachikumbu ka a Bulashi

Mayi Bulashi anakankhira njinga ya olumala ya amuna awo pathebulo lalitali la m'chipinda cha mafizo, mmene odwala amaphunziriranso kuyendetsa ziwalo, n'kutseka mabuleki ndi phazi. Dzinali analitengera kwa amuna awowo, amene aliyense ankawatchula kuti a Bulashi chifukwa cholemba zikwangwani za masitolo ndi mabasi. Sitiroko inawagwetsa pamakwerero ali ndi chitini cha penti m'manja. Inawalanda dzanja lamanja, mwendo, ndi mawu onse kupatula awiri atatu.

Panja, m'galimoto, munali alamu awo, akulu awo a Bulashi. Anali atafika m'mawa ndipo nkhani yawo sanaizungulitse.

"Mlamu, mutu umodzi susenza denga," anatero. "Ndimutenge mng'ono wangayu akakhale kwathu. Inu mubwerere kuntchito isanakuthereni. Taonani mmene mwaondera."

Kwawoko kunali kutali, kopanda chipatala cha mafizo. Mayi Bulashi anawauza kuti ayankha akatuluka.

Namwino anayamba kugawa mapepala. Patsamba lililonse panali kachikumbu kozungulira kaja, kamene kamakhala kofiira ndi madontho akuda, koma apa kanali mizere yokha, m'kati muli mbee. Analandira ana a m'wodi ya mafupa, analandiranso akuluakulu a m'njinga.

"Lero tonse tabwerera kusukulu ya mkaka," anatero namwinoyo. "Phala lokha ndiye palibe."

Ena anaseka. Namwino anapana chekeni chofiira pakati pa zala za a Bulashi, n'kukulunga ndi bandeji kuti chisagwe. Kenako anaika pepala lina patsogolo pa mayiwo.

"Inunso, mayi. Kukhala chete kumatopetsa."

Mayiwo anatenga chekeni chifukwa kukana kukanafuna mawu. Anayamba kuchekenira phiko lamanzere uku akufufuza mumtima mwawo, ngati munthu wopisa m'thumba la malaya akale. Anafuna apezemo chisoni, kapena mkwiyo, ngakhale manyazi oti akuganiza zopereka mwamuna wawo. Sanapezemo kanthu. Chichokereni tsiku la makwerero lija mtima wawo unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Amuna awowo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni, ndipo nthawi zina ankaona ngati akusamala zovala za munthu amene anachoka.

Dzanja la a Bulashi linakoka mzere wofiira umene unadutsa pamsana pa kachikumbuko, kupyola mwendo, mpaka kugwera pathebulo. Munthu amene ankalemba zilembo zowongoka popanda rula. Anayesanso, pepala linakwinyika. Malovu anatsikira pachibwano. Mayiwo anawapukuta ndi kansalu osayang'ana n'komwe.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero namwino podutsa.

Mwambiwo anali ataumva kwa abusa, kwa anansi, kwa wogulitsa mankhwala. Sunkawakhudzanso. Anapitiriza kuchekenira mwachisawawa, apa kupaka, apa kulumpha, maso ali pazenera pamene pankaonekera denga la galimoto ya alamu. Anaganiza za bedi lopanda pulasitiki, za kugona mpaka kucha. Ngakhale zimenezo sizinawasangalatse.

Anamva kugogoda. A Bulashi anali atasiya pepala lawo. Ndi chala cha dzanja lamanzere ankamenya papepala la akazi awo, m'mphepete mwa phiko, pamene panatsala kampata koyera.

"Apa," anatero. Mawuwo anatuluka molemera, mbali imodzi ya kamwa.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Apa."

Nsidze zawo zinali zitakumana. Mayiwo anaidziwa nkhope imeneyo. Inali imene ankaonetsa akapeza chikwangwani cha munthu wina chopakidwa mothamanga, n'kuima pamsewu kuchidandaula mpaka basi kuwasiya.

Mayiwo anatseka kampatako. Chala chinasuntha.

"Apa."

"Ndaonapo. Dikirani."

Anatsekanso. A Bulashi anapukusa mutu, n'kuyendetsa chala mozungulira, kutsata msana wa kachikumbuko. Mayiwo anali akupaka mopingasa. Anatembenuza dzanja n'kutsata kumene chalacho chinkapita, pang'onopang'ono, mpaka phiko linaoneka ngati latukumuka.

"Ngakhale pano simusiya kulamula," anatero mayiwo motsitsa mawu.

A Bulashi sanaseke. Anakankha chekeni chakuda ndi chigongono mpaka chinafika kwa akazi awo, ndipo anayang'anira dontho lililonse. Pepala lawo iwo linatsala ndi mizere itatu yokhotakhota. Nthawi itatha, namwino anamasula bandeji n'kufunsa ngati angapachike mapepala onse pakhoma. A Bulashi anaphimba lawo ndi dzanja, n'kuloza la akazi awo.

Panja dzuwa linali litakwera. Alamu anatuluka m'galimoto n'kutsekula chitseko chakumbuyo.

"Nanga mwaganiza bwanji, mlamu?"

Mayi Bulashi anapisanso mumtima muja. Munali momwemo, dzanzi lokhalokha. Koma pakamwa panayankha.

"Asiyeni kaye, alamu. Alipo."

"Ndikudziwa kuti alipo. Ine ndikunena za inu."

"Mukafuna kundithandiza, muzibwera Loweruka. Ndizigonako masana."

Alamu anayang'ana mng'ono wawo kwa kanthawi, kenako anavomera ndi mutu. Anagwira m'khwapa, mayiwo anagwira miyendo, n'kuwakhazika a Bulashi pampando wakumbuyo. Njinga anaipinda n'kuiika m'buti.

 M'njira a Bulashi anagona, mutu wawo n'kutsetserekera paphewa la akazi awo. Unali wolemera, ndipo phewalo linayamba kuwawa galimoto isanafike pamphambano. Mayiwo sanasunthe.