Bedi lachitatu kuchokera pakhomo

Chaka chimene ndinali Fomu 4 anzanga anandisankha kukhala wapampando wa kalabu yothandiza anthu pasukulu pathu. Dzina langa linafera pomwepo. Aliyense, ngakhale ahedi, ankangoti Tcheya.

Sikuti panali mpikisano. Anzanga ankalimbirana maudindo okhala ndi baji, oima pageti n'kumalemba ochedwa. Wanga unali wa ndowa, sopo ndi kasizasi. Lachisanu lililonse tikaweruka tinkayenda anthu khumi ndi awiri kupita kunyumba yosungirako okalamba imene inali kuseri kwa chipatala. Anyamata ankatchetcha udzu ndi kukolopa m'khonde, atsikana tinkachapa, kupesa ndi kuwenga zikhadabo. Wachiwiri wanga anali mtsikana wosatopa kulankhula amene tinkamutcha Wayilesi.

Nthawi imeneyo mayi anga anali atatha zaka zinayi ali kunja kwa dziko. Ntchito yawo kumeneko inali yosamalira nkhalamba za eni ake: kuzisambitsa, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi. Ine ndinkakhala ndi azakhali. Mayi ankaimba foni Lamlungu masana, ndipo nthawi zonse ndinkawauza kuti zonse zili bwino.

Kunyumba ya okalamba ija, m'chipinda cha azimayi, pabedi lachitatu kuchokera pakhomo, pankagona gogo wina wamwano amene kale ankagwira ntchito yotaipa makalata muofesi. Anthu ankawatchula kuti Amataipi. Miyendo inali itakana, koma zala zinkangogogoda pabulangeti tsiku lonse. Atsikana onse ankawathawa, ndiye monga mtsogoleri ndinawatenga ndine.

"Iwe, usandidule chala," anatero tsiku loyamba. "Zala zimenezi zinadyetsa banja."

"Ndikusamala, agogo."

"Agogo ndi ndani? Mwana ndili naye mmodzi, ndipo mdzukulu sanandipatse. Uziti amayi."

Ndinayesa. Mawuwo anatuluka movutikira, chifukwa kwa zaka zinayi ndinkangowanenera mufoni. Kuwanena kwa munthu amene dzanja lake lili m'manja mwanga kunandichititsa manyazi, ngati ndaba kanthu.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linkachedwa kufika. Ndinkawaviika manja m'madzi ofunda, kuwawenga, kenako kuwadzola mafuta. Iwo ankandifunsa za mayeso, n'kundikalipira chifukwa cha kolala yopindika. Pamene ndinkawapukuta pakati pa zala ndinkaganiza kuti mwina nthawi yomweyo, kutali uko, mayi anga awerama pabedi la munthu wina, thaulo lili paphewa. Ndinkadzifunsa ngati manja awo akadali ndi kachipsera ka mpeni pachala chachikulu, komanso ngati nkhalambayo ikudziwa mwayi umene ili nawo.

Mwana wa Amataipi nayenso anali kunja. "Akubwera mwezi wamawa," ankatero nthawi iliyonse.

"Mwezi umenewo ndiye wosaoneka kumwamba," Wayilesi ankandinong'oneza pobwerera. Ndinkaseka, koma pansi pamtima ndinkaudziwa bwino mwezi wotere. Kwathunso unalipo.

Mayeso atayandikira, aphunzitsi oyang'anira kalabu anandiitana muofesi. Anati a Fomu 4 tonse tisiye, udindo tiupereke kwa a Fomu 3. Ndinawapempha masabata ena awiri, ndikunamizira kuti anawo sanaphunzire ntchito. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Limodzi basi, Tcheya. Ukatsanzike."

Lachisanu lomalizalo ndinatsogolera gulu la anthu makumi awiri, akale ndi atsopano. Nditalowa m'chipinda muja ndinapeza bedi lachitatu lili mbee, matiresi atapindidwa, kabati yapambali ili pululu. Ndowa inandipulumuka.

Anesi anabwera akuthamanga, ndipo ataona nkhope yanga anayamba kuseka.

"Ayi mwanawe, sanamwalire! Mwana wawo uja anafika Lachitatu ndi galimoto. Wabwereratu, wawatenga akakhale nawo. Ukanawaona! Anatilamula tonse ngati ali muofesi, ati chikwama chawo tisachikhwekhwereze pansi."

"Sanasiye mawu?"

Anesi anaganiza pang'ono. "Anali pachangu, mwana wanga."

Ndinatuluka n'kukaima kuseri, pakati pa mabulangeti oyanikidwa pachingwe. Ndinkadziuza kuti ndikondwere, ndipo mbali ina ndinakondweradi. Koma misozi inkangotsika. Mwana wa eni ake anakwera ndege n'kubwera kudzatenga mayi ake. Ine ndinalibe ndege yokwera, ndipo wondibwerera panalibe. Wayilesi anandipeza pamenepo. Anandigwira mkono.

Patapita kanthawi anati, "Ana aja akudikira, Tcheya. Wina wagwira sizasi ngati akufuna kudula waya."

Ndinasukusula pampopi n'kubwerera. Ndinawasonkhanitsa pabedi lachinayi, pamene pankagona gogo wosamva, ndipo ndinawaonetsa zonse: kuyesa madzi ndi chigongono, kuviika kaye zikhadabo kuti zifewe, kupempha chilolezo usanamugwire munthu ngakhale akhale wosamva. Makiyi a kabati yathu ya sopo ndinapereka kwa mtsikana wina wamanyazi amene ndinamuona akupinda bulangeti popanda womuuza.

Lamlungu masana foni inalira. Azakhali anandipatsa n'kutuluka panja.

"Zikuyenda, mwanangu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zanthawi zonse, koma zinakana.

"Amayi, bwerani."

Mufoni, chapatali, ndinkamva munthu wokalamba akutsokomola, kenako akuitana m'chilankhulo chimene sindinkachimva. Mayi anamuyankha mofatsa, ndi mawu aja ankandiyankhira ndikadwala malungo. Atabwerera pafoni mawu awo anali atasasa.

"Ndamva, mwanangu. Ndamva." Anapuma. "Wadya koma?"

"Ndadya."

"Usadule. Ndikumutembenuza kaye munthuyu, ndiika foni apa. Uzingolankhula, ndikumva."

Ndinakhala pamphepete pa bedi la azakhali n'kuyamba kuwafotokozera za kalabu yathu kuyambira pachiyambi.