Anafuna Kumuzondotsa Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga Matias anamuvuula m'madzi ali lobodo, miyendo ikungokokeka pamchenga. Ine ndine Esme wa ku Mbungo, mudzi wa pachilumba pakati pa nyanja, ndipo nkhaniyi ndikaiyamba, mtima umawirabe mpaka lero.

Unali m'mawa. Matias anapita kukawonjola ukonde wa matchera ndi achimwene anga a Davis, eni ake ukondewo. Ukonde unakodwa m'miyala pafupi ndi gombe, ndipo achimwene, poopa kuti ung'ambika, anamuuza kuti alowe akaumasule. Iye analumpha m'bwato motsogoza mutu, monga mwa masiku onse. Koma chaka chimenecho nyanja inali itaphwerako. Mwala umene kale unali pansi penipeni unali pafupi, ndipo anaugunda ndi mutu.

Nditamva mfuu ndinasiya chinangwa chimene ndimayanika n'kuthamangira kugombe. Ndinapeza amuna atamuzungulira, aliyense akulamula zake.

“Mugwireni miyendo!” anakuwa motero achimwene. “Timuzondotse, madzi atuluke!”

Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Munthu akavuulidwa m'nyanja amamunyamula miyendo m'mwamba, mutu pansi, n'kumugwedeza kuti asanze madzi. Koma Matias anali maso, akupuma, akuyankhula.

“Khosi,” anatero motsitsa mawu. “Khosi langa. Miyendo sindikuimva.”

“Ndi madzi amenewo, alamu,” anayankha achimwene. Kenaka anatembenukira kwa anzawo. “Musaope, anthu a kutsidya sathyoka wamba. Si awa amasenza mitolo ya nkhuni ngati abulu? Mafupa awo ndi ena.”

Tamvani zimenezo! Matias kwawo ndi ku Mozambique, inde, tsidya lomwe timaliona tikadzuka. Ndiye poti anabadwira uko, khosi lake ndi lachitsulo? Munthu wadya naye mbale imodzi zaka zonsezi, wabereka ana ndi mlongo wako, lero ukumuyesa bulu?

Wina anati amukoke mutu kuti khosi liwongoke. Wina anati akamuthowe ndi madzi otentha. Atangomugwira akakolo, Matias anabuula kubuula kumene sindinakumvepo chikwatirane. Ine za chipatala sindimazidziwa, koma kulira kwa mwamuna wanga ndimakudziwa. Ndinagwada n'kumutchinga ndi thupi langa.

“Wofuna kumuzondotsa ayambe wazondotsa ine!”

“Esme, usatichititse manyazi. Izi ndi za amuna.”

“Za amuna? Achimwene, pomutuma m'madzi munali amuna. Pano mundimva ine.”

Mwayi wake, tsiku limenelo kunali sikelo ya ana m'mudzimo, ndipo mayi wina anali atathamanga kale kukaitana a Frances, alangizi athu a zaumoyo. Anafika ali wefuwefu. Sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada kumutu kwa Matias n'kumugwira mutu ndi manja awiri, uku ndi uku.

“A Matias, musagwedeze mutu. Muzingoyankha ndi pakamwa. Mayi Esme, tsinani chala cha kuphaziko. A Matias, mwamva kanthu?”

“Pang'ono, ngati kutali,” anayankha Matias.

“Pang'ono pomwepo ndi pamene tikuteteza,” anatero a Frances. Anakweza maso kuyang'ana amuna aja. “Tamverani nonse. M'kati mwa mafupa a khosi ndi msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Ndi umene umayendetsa manja ndi miyendo. Fupa likasweka, mtsemphawo umakhala pangozi. Mukamupinda, kumukoka kapena kumuzondotsa, fupa losweka lija liudula. Ukaduka, palibe dokotala angaulumikize.”

“Koma amayi, makolo athu akhala akuzondotsa anthu kuyambira kale,” anatero achimwene.

“Bambo Davis, munthu akuyankhula nanu, madzi ake ndi ati? Ngakhale amene wamiradi sitimuzondotsa. Akakhala kuti sakupuma timamugoneka, n'kumuthandiza kupuma. Koma uyu wagunda mutu. Aliyense wogunda mutu m'madzi, wogwa mumtengo, wogwa padenga kapena panjinga, akati khosi kapena msana ukuwawa, kapena miyendo yachita dzanzi, timamutenga ngati wathyoka mpaka achipatala atamuona.”

“Si paja a kutsidya ndi olimba?” wina anaponyapo kumbuyo.

A Frances anamuyang'ana mpaka anazyolika. “Mwala sufunsa kwanu. Mnyanja, Mtonga, Mtumbuka, wa ku Mozambique, mtsempha ndi umodzimodzi. Ndipezereni thabwa lalitali, lolimba. Chitseko chingathe.”

Amuna aja anayamba kuyang'anana. Aliyense chitseko chake chinamukomera mwadzidzidzi.

“Kazuleni cha achimwene,” ndinatero ine. “Ukonde ndi wawo.”

Achimwene ananyamuka pomwepo. Anapita okha, ndipo anabwera atachisenza pamutu.

A Frances sanachotse manja pamutu pa Matias ngakhale kamodzi. Anaika amuna atatu mbali imodzi, wina paphewa, wina m'chiuno, wina kumiyendo. “Ndikati tiyeni, mumutembenuze nonse pamodzi, mutu, khosi ndi msana zikhale mzere umodzi. Wina asatsogole.” Anamupendeketsa pang'ono, ena n'kulowetsa chitseko kunsi, n'kumubwezera chagada. Ine ndinavula chitenje chapamwamba, amayi ena anapereka zawo. Ziwiri tinazikulunga n'kuziika m'mbali mwa mutu, zinazo tinamumangira kuchitseko pachipumi, pachifuwa ndi m'miyendo.

Wina anabwera ndi tiyi kuti amwe apeze mphamvu. A Frances anakana. Anati asadye kapena kumwa kanthu kufikira achipatala atalola.

Njira ya kumtunda yopita ku Chipyela, kumene kuli chipatala, ndi yamiyala, munthu wonyamula akhoza kupunthwa. Choncho tinamukweza m'boti la injini, ndipo a Frances anauza woyendetsa kuti apite pang'onopang'ono, asamenyane ndi mafunde. Kuchipatala anamuveka chomangira khosi, ndipo anakonza zoti atumizidwe ku chipatala chachikulu ku Mzuzu kuti akamujambule.

Kumeneko adokotala anandiitana. “Mayi, fupa limodzi la m'khosi lang'aluka, ndipo mtsempha watupa chifukwa chopanikizika. Koma sunaduke. Amene anamunyamula anachita bwino kwambiri.”

“Akanamuzondotsa bwanji?” ndinafunsa.

“Mwina simukanafika naye kuno ali moyo.”

Ndinatuluka panja n'kulira, theka kuthokoza, theka ukali.

M'chipinda chimene anagonekedwa munali anthu ovulala msana a mitundu yonse. Munali Myao wogwa pa kabaza, Mngoni wogwa pangolo, Mtonga wolumphira m'madzi osaya. Ndinalakalaka achimwene akanabwera kudzawerenga okha kuti mtundu wosathyoka ndi uti. Pabedi loyandikana nafe panali bambo wina wa ku Rumphi, a Wisdom, amene anagwa mumtengo wa mango. Akazi awo anandiuza kuti atangogwa ankagwedeza zala za kumapazi bwinobwino. Achibale anawanyamula wina manja, wina miyendo, n'kuwakhazika panjinga yamoto pakati pa anthu awiri. Pofika kuchipatala, kuyambira m'chiuno kutsika kunali zii.

“Anali anthu otikonda, amayi,” anatero mayiwo akupukuta misozi. “Ankathamangira kuti awapulumutse.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse. Munthu kulumala chifukwa cha manja a abale ake, pa chinthu choti akanangouzidwa!

Anamwino anandiphunzitsa kumutembenuza Matias pafupipafupi, thupi lonse pamodzi, kuti asachite zilonda za pabedi. Anati zilondazo pamodzi ndi matenda a m'chikhodzodzo ndi zimene zimapha ambiri m'miyezi yoyambirira, choncho ndizimusunga waukhondo ndi wouma, ndipo thupi likatentha ndinene msanga. Patapita masabata angapo chala chachikulu cha kuphazi chinagwedezeka. Ndinakuwa mpaka anamwino anabwera akuthamanga, kuyesa kwagwa zina. Kenaka Matias anayamba mafizo, kukhala tsonga, kuima atagwira zitsulo.

Titabwerera pachilumba, achimwene anabwera kunyumba chipewa chili m'manja. Anapepesa kwa mlamu wawo. Matias anawakhululukira pomwepo, ndi mmene alili. Ine zinanditengera nthawi, ndisaname, ndipo ndinawauza kuti kupepesa kwenikweni akakuchitire kugombe, pamaso pa asodzi anzawo. Anapitadi, pamodzi ndi a Frances, ndipo anaphunzitsa asodzi kanyamulidwe koyenera.

Lero Matias akuyenda ndi ndodo. Dzanja lamanzere silinabwerere mphamvu zonse, ndipo m'nyanja salowanso, koma amasoka maukonde ndi kulima dimba lathu. Lamulungu lapitali anayenda yekha mpaka kutchalitchi, ana ake ali pambuyo.

Tsono abale anga a ku Mbungo, a ku Khuyu, a ku Chipyela ndi a kutsidya komwe, mvetsani. Musalumphire m'madzi motsogoza mutu musanadziwe kuya kwake, chifukwa nyanja imasintha chaka ndi chaka. Munthu akavulala khosi kapena msana, musamuzondotse, musamukoke, musamuthowe, musamukhazike panjinga. Gwirani mutu usagwedezeke, itanani a zaumoyo, mugonekeni pathabwa, mupite naye kuchipatala. Ndipo musamufunse mtundu wake, chifukwa palibe mtundu umene msana wake suthyoka. Ana anga ali ndi bambo woyenda lero chifukwa m'mawa umenewo anthu analeka kumuthandiza mwaphuma.