Makope a Pansi pa Bedi

"Amayi, tingobwereka, tidzabweza," anatero wapampando wa nthambi, atadzikhazika pampando wa malemu amuna anga ngati anaugula yekha.

"Kubwereka? Mwamuna wanga munabwereka zaka makumi atatu. Munandibwezera ali m'bokosi."

Anabwera awiri, mainjiniya a mataye. Akuti nthambi ya bungwe lawo m'chigawo chathu ikukwanitsa zaka makumi anayi, ndiye akulemba buku la mbiri yake. Amene anaiyambitsa ndi amuna anga. Zokambirana za misonkhano yoyambirira zinali m'makope asanu ndi awiri amene ndinawapeza pansi pa bedi maliro atatha, okulungidwa bwinobwino m'pulasitiki. Chikalata chathu chaukwati chinadyedwa ndi mphemvu, koma makopewo ngakhale fumbi!

Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma kuwerenga ndimatha. Zinali m'menemo sizinali zilembo. Timizere tokhotakhota basi, ngati papalasa nkhuku. Wapampando anati ndi kalembedwe kachidule ka alembi akale, ndipo wotsala wotha kuwerenga ndi mwini dzanja yekha, mayi uja ankawatayipira makalata.

Mayi ameneyo anandikhala pakhosi ukwati wanga wonse. Loweruka la msonkhano amuna anga ankasita okha malaya. Ankasitira ndani? Mapaipi? Ndipo mwamuna amasunga bwanji zolemba za mkazi wina pansi pa bedi limene ndimagona ine?

"Makope satuluka pakhomo pano," ndinatero. "Abwere awerenge pamaso panga, mokweza. Asadumphe ngakhale kamzere."

Anabwera naye Lachiwiri m'mawa. Ine ndinkakumbukira nsapato zazitali zogogoda ndi milomo yofiira. Analowa kankhalamba ka ndodo. Ndinamupatsa dala mpando wogwedera.

"Mwakalamba," ndinatero.

"Nanga inu zaka zinakulambalalani?"

Anavala magalasi n'kuyamba. Mapaipi. Mlatho wokokoloka. Simenti yabodza. Chaka chathunthu akukangana ngati amisiri opanda digiri angalowe m'bungwe. Ine khutu tcheru, kudikira pamene mawu ake anjenjemere. Kope loyamba linatha, lachiwiri linatha.

"Mukudumpha inu!"

"Amayi, amuna anu akanandiyang'ana ngakhale kamodzi, ndikanalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Zaka khumi ndi ziwiri ankangoti 'alembi, lembani'. Tsiku lina ndinameta tsitsi lonse, sanaone."

Mnzake wa wapampando anatsokomola kubisa phwete. Ine sindinaseke. Ndinamva ngati andilanda katundu. Mdani ndinamuweta zaka zonsezi, lero akuti si iye?

M'kope lachitatu anawerenga deti limene sindingaliiwale, tsiku limene ndinabereka mwana wanga woyamba. Anandiperekeza kuchipatala ndi mayi woyandikana naye nyumba. Amuna anga anafika mwana atasamba kale, akuti galimoto inawafera panjira.

"Opezekapo: wapampando..."

"Wapampando uti?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nthawi imeneyo analipo mmodzi yekha, amayi."

Ndinati, "Pitirizani."

Anawerenga mizere iwiri, kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anayesa kudzigwira, zinakanika. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Pepani. Tsiku limenelo ankakangana za thanki ya madzi ya pamiyendo yaitali. Ena ankati n'njolimba. Amuna anu anakwera patebulo, chidebe cha madzi pamutu, n'kuyamba kugwedeza chiuno kusonyeza mmene idzachitire kukabwera mphepo. Tebulo phwa! Iwo pansi, atanyoweratu, akuseka mpaka kulephera kudzuka. Ndinalemba zonse."

"Amuna anga? Kugwedeza chiuno?"

Munthu amene kunyumba yankho lake linali "mm". Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikumuphikira, kumuchapira, kumutembenuza atadwala, mano ake ndinkawaonera pakutsuka basi. Kuseka konse ankakathira kwa anthu a mapaipi, ine n'kundibweretsera chigubu chopanda kanthu.

"Bwerezani pamenepo."

Anabwereza. Wapampando anayang'ana wotchi.

"Amayi, nkhani imeneyi ikoma kwambiri m'buku..."

"Khalani chete inu!" Ndinakoka kopelo n'kuliika pamiyendo panga. "Pamene akuseka ndi pati?"

Mayiyo anasakasaka ndi chala, n'kuloza kambedza kakang'ono, kochepa kuposa nyerere.

Ndinaikapo chikhadabo. Ndinakanda, ndinakanda, onse atatu akundiyang'ana, mpaka pepala linabooka.