Mayina a Kuseri kwa Chithunzi

Maikolofoni inali m'manja mwanga pamene ndinaona achimwene anga, a Oscar, akulowa m'nyumba ya vidiyo n'kukakhala pa benchi yakumbuyo, msana atatsamiritsa kukhoma. Chibwerereni kuchokera ku Congo, kumene anakagwira ntchito ya usilikali, anali asanapondepo malo aphokoso. Mbale ikagwa ankabisala kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku lina panafunika amuna atatu kuti awagwire. Amayi anatilumbiritsa kuti mawu oti nkhondo asamveke pakhomo, poopa kuti mutu wawo, umene unali utangoyamba kukhazikika, ungasokonekerenso.

Ntchito yanga pa Lungwena inali yomasulira mafilimu anthu akuonera. Chizungu changa chinathera Fomu 2, koma pomwe sindinamve ndinkangopeka, ndipo palibe anadandaulapo. Chimene ankandikondera n'choti anthu a m'filimu ndinkawapatsa mayina a oonera omwewo. Wakuba ankakhala wogulitsa usipa wa pa benchi yachitatu, mkazi wake akuombera m'manja.

Masana amenewo mphepo ya mwera inali italetsa asodzi kulowa m'madzi, choncho m'nyumba ya vidiyo munadzaza mpaka pakhomo. Mwini vidiyo anaika filimu yakalekale yopanda mitundu, ya nkhondo ya m'dziko lina kuseri kwa nyenyezi. Ndinali nditaionerapo, ndipo sindinaikonde chifukwa munalibe zibakera. Akuluakulu amene anayambitsa nkhondoyo anali atafa kalekale, koma makina awo ankaitanabe asilikali m'mawa uliwonse, mmodzimmodzi, n'kuwatumiza kokafa. Mzere unkanka nufupika, makina osatopa.

Ndikanatha kuizimitsa. Koma ndinadzikhulupirira kuti ndiisandutsa nthabwala, achimwene aseke nawo. Ndicho chitsiru chimene ndinali.

Makina atayamba kuitana, ndinakuwa: "Nasir!"

"Ndilipo, bwana!" anayankha msodzi wina ataimirira, anthu n'kufa nalo phwete.

Ndinaitana aliyense amene ndinkamudziwa. Ngakhale Mwanamvua, wogulitsa mandasi pakhomo, ndinamulemba usilikali, iye nati apita ndi beseni lake lomwe. Ndinaponya diso kumbuyo. Achimwene sankaseka, koma anali phee, ndipo ine ndinayesa kuti zikuyenda.

Kuitana kwachitatu kunatalika, mayina anandithera. Pakamwa pakazolowera liwiro sipadikira mutu. M'sutikesi ya achimwene munali chithunzi cha amuna asanu ndi mmodzi ovala yunifolomu, achimwene ali pomwepo, mayina awo atalembedwa kuseri. Ndinali nditachisuzumirapo mwakuba, osafunsa kuti eni akewo ali kuti. Mayina aja ndiwo anabwera pafupi.

"Simioni!" Palibe anayankha. "Ahmad!"

Benchi inagwa kumbuyo.

Achimwene ankabwera pakati pa anthu ataongoka, manja ali m'mbali, maso awo ali aja a tsiku la amuna atatu. Anthu anapatuka okha. Ndinafuna kuthawa, koma kumbuyo kwanga kunali khoma. Ndinachita mantha kwambiri moti ndinaphimba khosi langa ndi dzanja. Ndinaganiza za amayi, ndi zimene ndikawauze ngati ndituluka wamoyo.

Sanandikhudze. Anangotenga maikolofoni pang'onopang'ono, monga mmene umalandirira khanda.

"Suitana choncho, iwe," anatero motsitsa. "Ukaitana munthu umamudikira."

Anatembenukira kwa anthu, zidendene atagundanitsa.

"Simioni."

Anadikira. Pa kanema panali bwalo lopanda munthu, nyali ya makina ikuphethira yokha.

"Themba."

Anadikiranso. Kenaka Marko, kenaka Ahmad, kenaka Sunganani, aliyense ndi nthawi yake. Nasir, amene ankaseka posachedwapa, anavula chisoti. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake chithunzi chija chinkagona pansi pa zovala: anzawo asanuwo anafera ku Congo. Ndinawerenga ndi zala kuti atha asanu, ndipo ndinapemphera kuti alekere pomwepo.

"Oscar."

Anadikira chimodzimodzi monga anadikirira enawo. Linali dzina lawo lomwe. Denga la malata linkalira ndi mphepo, ndipo m'nyumba monse munalibe wotsokomola. Ndinaona kuti akhoza kuima pamenepo mpaka mawa, ndipo kuti dzina limeneli likapita losayankhidwa, tikhala tawataya ali pakati pathu.

"Alipo," ndinatero. Mawu anga, amene ankamveka mpaka kumsika, anatuluka ngati a mwana wodwala. Ndinabwereza mokwezako: "Alipo, achimwene."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anatembenukira ku mabenchi, nayamba kuunguza nkhope ndi nkhope, mzere ndi mzere, kufuna kumuona munthu amene ndinamuyankhirayo.