Zigubu Zokana Kusungunuka

Minibasi inanditsitsa pa Palabana kutada kale. Kumeneko ndinali ndisanafikeko. Ndine wa mu Chawama, komboni ya mu Lusaka, mdima wa kumafamu sindiudziwa. Ndinangotsata fungo la pulasitiki wopsa, monga anandiuzira msuweni wanga Tisauke pa foni.

Ndinamupeza pabwalo, manja ali kumutu. Moni sanandipatse.

"Nathan, bwera uone zamene achita ba mulamu wako."

Kuseri kwa nyumba kunali khola la udzu, ng'ombe ziwiri za mkaka zili momwemo. Pambali pake mwamuna wake, Ezron, anali kutakasa mumgolo wodula pakati, uli pamoto.

Tisauke anandifotokozera mothamanga. Ogula mkaka anati abwera m'mawa kudzaona khola. Likakhala la matope pansi, mkaka sagulanso. Simenti Ezron sanaikwanitse. Anayamba kusungunula timatumba ta buledi ndi ta shuga, kusakaniza ndi mchenga, kuthira m'chikombole. Zinkatuluka njerwa zakuda, zabwino ndithu. Theka la khola anali atayala. Kenako timatumba tinatha. Munthu n'kutenga chikwanje, n'kuduladula zigubu za mkazi wake. Zamkaka, zamadzi, zonse.

"Na chamene ninagula pa chikwati cha mng'ono wanga Lillian," anatero Tisauke. "Chabuluu chija!"

"Uzagula china na mkaka," anayankha Ezron osatembenuka. "Muli shani, mulamu? Gwirani mtengo uyu. Chinthu ichi chakana."

Ndinagwira. Mtengo sunayende. Zidutswa za zigubu zinali zitangonanda, zolimba ngati chikopa chonyowa.

Ndinagwirapo ntchito pa fakitale ya zigubu mu Lusaka. Sindinakhalitse. Sindikhalitsa paliponse. Koma ichi ndinachimvako.

"Mulamu, chotsani nkhuni. Izi sizizayenda monga timatumba."

"Pulasitiki ni pulasitiki."

"Mtundu ni umodzi, kapangidwe n'kosiyana. Mkati muli tiulusi tosaoneka. Ta kathumba tili na nthambi, monga minga zotchingira dimba. Sitigwirana bwino, moto pang'ono tasungunuka. Ta chigubu, popanga amaikako mankhwala otiwongola. Tigona pamodzi monga udzu wa mumtolo. Tifuna moto wambiri. Olo tisungunuke, tingonanda, sititsika mu chikombole."

Ezron anaseka, misozi ya utsi ili m'maso.

"Wamva, amake Peace? Ba profesa ba mu Chawama! Ati tifuna moto wambiri. Tizatipatsa."

"Sizamene nakamba!"

Anali ataponya kale zitsononkho, dengu lonse. Anawonjeza chipika. Pamwamba pa mgolo panali polimba chimodzimodzi. Pansi pankapsa. Utsi unasintha, unakhala wolemera, wokwawa. Ndinabwerera m'mbuyo.

Kenako phuu! Lawi linatuluka mumgolo, lalitali kuposa munthu. Linanyambita udzu wa khola.

"Madzi!" anakuwa Ezron. "Tisauke, madzi!"

Tisauke anathamangira kukhonde. Anaima. Pakhonde panalibe kanthu. Panali zizindikiro zozungulira zokha, pomwe pankakhala zigubu. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuloza mgolo.

"Madzi nitunge na chani? Zili umo."

Sindidzaiwala nkhope ya Ezron. Kukamwa yasa. Chikwanje chili pamapazi pake.

Chitsime chinali kumunsi kwa munda. Ndinanyamula mphika, ndinautaya. Wochepa. Tinathira mchenga ndi manja. Denga linali litapita kale. Ng'ombe zinkalira, zikumenya mitengo. Tisauke analowa chitenje chili kumutu, n'kudula zingwe ndi chikwanje chomwecho. Zinatuluka zikudumpha, imodzi itawauka pamsana.

Udzu woyaka unagwera pansi. Njerwa zakuda zija nazo zinagwira moto. Zinasungunuka msanga, monga timatumba take. Pansi ponse pankayenda ngati phula. Ezron anakhala pa dothi, kuyang'ana.

Oyandikana nawo anafika ndi ndowa khola litatha. Ba Mainess, mayi wa famu yotsatira, anayang'ana phulusa, anayang'ana Ezron.

"Amake Peace," anauza Tisauke, "ng'ombe zibweretse kwanga. Khola langa ni la simenti. Uzikamira komweko. Koma mkaka tizagawana."

Tisauke anangogwedeza mutu.

Sindinagone. Zovala zinkanunkha pulasitiki. Ndinali nditabwera kuti ndikhale mlungu. Kutangocha ndinanyamula chikwama.

Ezron ndinamupeza pa mgolo, akugogoda ndi mwala. Mkati munali chibuma chimodzi, chakuda m'mbali. Pakati pake pankaoneka chogwirira cha buluu, chosasungunuka.

"Mulamu," anatero, mawu atasasa, "onani. Sichinapse n'komwe."

Ndinakoleka chikwama paphewa, n'kunyamuka.

Pamsewu ndinadutsana ndi Tisauke. Ng'ombe ziwiri patsogolo, beseni losambira pamutu, lokamiramo.

"Ukafika mu tauni," anatero osaima, "unifunireko zigubu. Uzitumize kwa ba Mainess, osati kuno."

Minibasi inaliza hutala. Ndinakwera.