Pikapu Yokana Kulira ku Ngokwe

Pikapu ya Che Uladi inali ndi khalidwe limodzi loipa. Ikagona ku Balaka inkalira pongoikhudza. Ikagona kumudzi kwa mkazi wa Blasius, kufupi ndi Ngokwe, m'mawa inkangoti zii ngati yafa. Blasius ndiye anali dalaivala wake, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inkamusunga m'dziko muno.

Munthuyu anakhalitsa ku Halale mpaka kwawo n'kumuwerengera pa machona, aja opita osabwerako. Anachoka mkazi wake Martina ali ndi pakati, anabwera mwana uja, Dorica, atatha msinkhu, akumupatsa moni wa alendo atagwada chapatali. Kumeneko anaphunzira za injini m'galaja ya Mzungu wina, ndipo anabwerako ndi laisensi, bokosi la masipanala ndi chifuwa cha fodya. Njala ija ya '49 inali itangodutsa, anthu makosi akadali owonda. Ntchito ya munthu wodziwa injini kunalibe, kupatula iyi yokha: kutenga matemba ndi milamba yowamba kunyanja ya Chiuta, kuwoloka Shire pa pantoni ya ku Liwonde, kukafika ku Balaka sitima ya katundu isananyamuke. Che Uladi, Myao wamalonda amene anayamba ndi njinga imodzi, anamulola kuti akapakira nsomba azigona kwa mkazi wake n'kulawirira m'mawa. Blasius ankadziwa bwino kuti ntchitoyi ikadzatha, chomudikira china palibe koma sitima yobwerera kumwera.

Vuto linayamba m'mwezi wa Juni. Amene anagonako kudera limenelo nyengo yachisanu akudziwa nkhungu ija yochokera kudambo, yolowa mpaka m'mano. Blasius ankakoka choko, kawaya kothandiza injini yozizira, kuponda sitata, injini n'kutembenuka, kutembenuka, koma osagwira moto. Batire ikafooka ankatenga handulo n'kupukusa mpaka phewa kuwawa. Kenako ankaitana amuna a m'mudzimo kuti amukankhe, iwo n'kubwera atafunda nsalu, akuyasamula. Mlamu wake Feston sankalephera kuponyapo mawu.

"Alamu, ng'ombe yanuyi muziyamba mwaipatsa phala. Ku Halale sanakuuzeni?"

Anthu ankaseka, iye n'kusekanso pang'ono, poti mkamwini sakwiya pagulu. Galimotoyo inkadzalira dzuwa litakwera, boneti itatentha. Akamafika ku Liwonde ankapeza malole atandandalika kale kudikira pantoni, akamafika ku Balaka sitima itapita. Nsomba zinkagona m'madengu kudikira sitima ina, mphutsi n'kuyamba ntchito yake.

Anayamba kufufuza monga anamuphunzitsira, chinthu chimodzi pa nthawi, kuyambira chapafupi. Batire ankaichotsa madzulo n'kuigoneka m'nyumba pafupi ndi moto, ngati mwana wodwala. Sizinathandize. Mapulagi anawachotsa, kuwapala mwaye, kuwayeza mipata. Kabuleta anaimasula yonse n'kuyala tizitsulo take pamphasa, nkhuku zikumuzungulira. Petulo ankamusefa m'chipewa chake poopa madzi a m'migolo. Waya wa choko anamuthira mafuta. Chilichonse chimene wachigwira chinkaoneka chabwino, ndipo chimene chinkamusowetsa tulo n'chakuti ku Balaka nakonso kunkazizira, koma kumeneko injini inkadzuka nthawi yomweyo, pamaso pa mwini wake.

Che Uladi anaona zimenezo n'kupeza yankho lawo. Anamuitanira kuseri kwa sitolo yawo ku Balaka, kumene kunali madengu a nsomba zonunkha, n'kunena modekha, monga ankachitira akakwiya kwenikweni.

"Che Blasius, galimoto yanga siidwala. Likudwala ndi bulangete lanu. Munthu wabwera kumene kwa mkazi wake, ine ndikumvetsa. Koma mukaphonyanso sitima, makiyi mudzapereka kwa Jasten."

Jasten anali mchimwene wa akazi a Che Uladi, wotenga laisensi chaka chomwecho, amene magiya ankawalowetsa ngati akuthyola nkhuni.

Ulendo wotsatira Blasius anaganiza za mame. Anafunditsa boneti ndi masaka, pansi n'kutchinga ndi mphasa yakale. Atadzuka anapeza masakawo ali pomwepo, koma atawayala mwina, mwaudongo kuposa mmene anawasiyira. Anatsekula boneti. M'timaenje mokhala mapulagi munali madzi, osati madontho a mame ayi, madzi okhazikika, ofiirira. Pa kachipewa kogawa moto ku mapulagi panali patamatirira kachikhungwa kosinja. Anakanunkhiza. Fungo la mizu. Anaima pomwepo nthawi ndithu, akuganiza za masabata onse aja amene anakhala akupala mapulagi abwinobwino.

Martina anali pakhonde, akusankha thonje, loyera uku lothimbirira uko. Blasius anamuonetsa kachikhungwako pachala. Mkaziyo sanakane, sanasiyenso kusankha. Anati ndi amayi ake, a Anastasia. Mankhwalawo anachokera kutsidya kwa malire, kumene makolo awo anachokera, ndipo mayiwo ankawathira m'mbandakucha, pamtima penipeni pa galimoto. Sanali oononga, iyayi. Anali oti galimotoyo izidziwa kwawo, ikapita izibwerera.

Blasius anafotokoza, poyamba mofatsa. Anati injini imayenda ndi moto wodutsa m'mawaya, ndipo moto ndi madzi sizigwirizana. Kukatentha madziwo amauma okha, koma m'chisanu amakhala mpaka dzuwa. Anati ntchito yake ili pangozi chifukwa cha chikho chimodzi cha mizu.

"Amayi akuti ikamakana choncho ndiye kuti mankhwala akugwira," anatero Martina.

"Nanga inu amake Dorica, mukuti bwanji?"

Apa m'pamene anasiya thonje lija n'kumuyang'ana.

"Munapita ndi mapazi, bambo a Dorica, ndi mapazi okha, mwana n'kukula osakudziwani. Lero muli ndi matayala anayi. Mukufuna ine ndinene chiyani?"

Nkhaniyi ikanatha ndi mawu ochepa akanati Blasius ayankhule ndi a Anastasia. Koma mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, akafuna kuuzana kanthu amatuma munthu. Kwa amuna ena manyazi amenewa amatha ndi zaka: ana akabadwa, maliro akalirira limodzi, tsiku lina pamaphedwa nkhuku, anthu n'kuyamba kupatsana moni. Zaka zimenezo Blasius anazidyera ku Halale. Anabwera ndi imvi koma akadali mkamwini watsopano, wokhululukidwa kumene, wodya m'munda umene sanaulime. Munthu wotere sakweza mawu.

Anatuma Martina. Yankho linabwera tsiku lomwelo: akamwini asamale masipanala awo, za pakhomo asiyire eni ake. Anapita kwa ankhoswe, a Yoram, amalume ake a Martina. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, n'kunena kuti ndi nkhani yofunika kuikhalira pansi bwinobwino, msika wa thonje ukatha. A Anastasia Lamulungu lililonse ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, kolona ili m'manja, ndipo Blasius anaganizapo zokauza abambo mfumu. Koma kukanenera apongozi kwa ansembe kunali kudzitsekera yekha chitseko cha m'mudzimo.

Tsono anachita zimene makaniko angachite. Ku Balaka anapeza unyolo wa njinga ndi loko. Ulendo wotsatira, atapakira nsomba n'kufika kumudzi, anapukuta injini yonse mpaka kuuma, kumanga boneti ndi unyolo uja, kukhoma, kiyi n'kuika m'thumba. Feston anafunsa ngati ng'ombe ija yayamba kuluma. Blasius anaseka ndi mtima wonse, koyamba m'masabata ambiri.

Kunja kutangoyamba kuyera anatuluka, jekete lili paphewa, kuti alawirire. Atafika pankhokwe anaima. A Anastasia anali pagalimoto, kamphika kali m'manja. Anakoka boneti, inakana. Anapapasa unyolo uja, kugwira loko, kuisiya. Blasius anaganiza kuti abwerera. Koma mayiwo anayamba kuzungulira galimoto pang'onopang'ono, dzanja likuyenda pachitsulo, mpaka anafika kuseri kwa chitseko, pamene panali chotsekera cha thanki ya petulo. Anali atamuonapo kambirimbiri mkamwini wawo akuimwetsa pamenepo. Anapotokola chotsekeracho.

Blasius anali pafupi kwambiri, moti akanangothamanga pang'ono akanawagwira dzanja. Ku Halale anakalipirapo akapitawo, anatukwanapo Mzungu m'Chingerezi n'kuchotsedwa ntchito, osadandaula. Mawu anali okonzeka pakamwa. Chimene chinatuluka n'kutsokomola, kuja mkamwini amatsokomola podziwitsa apongozi kuti ali pafupi.

A Anastasia anamva. Anakokera nsalu kumutu, kumufulatira mwaulemu monga mwambo ufunira, ndipo anathira zonse, mosapupuluma, osataya ndi dontho lomwe. Anatseka chotsekera n'kuchilimbitsa bwino. Pobwerera anadzera kuseri kwa nyumba kuti asadutsane naye.

Blasius sanayese n'komwe kuliza injini. Mankhwala aja sanali madzi okha, anali olendenda ngati therere, okhala ndi zinyalala za mizu, ndipo akanalowa m'mapaipi ndiye kuti ntchito ya sabata. Bawuti yotulutsira petulo pansi pa thanki inali itadyedwa ndi dzimbiri. Panafunika kuchotsa thanki yonse, ndipo kuti aifikire panafunika kutsitsa madengu onse a nsomba. Amuna aja anabwera monga mwa masiku onse kudzakankha, anapeza nsomba zili pansi, mkamwini ali chagada kunsi kwa galimoto. Feston anatsekula pakamwa, n'kuona nkhope ya mlamu wake, n'kungogwira dengu kuthandiza.

Blasius anakhuthulira petulo m'mabeseni onse a pakhomopo. Pansi pa beseni lililonse pankakhazikika chithaphwi chofiirira. Anasefa, kusefanso, kutsuka thanki, kuiumika padzuwa. Dzuwalo linakwera, linafika pamutu, linapendeka. Nthawi ina ali mkati mwa ntchito anadziwa kuti sitima ija tsopano ikunyamuka ku Balaka, ndipo manja ake sanafulumirenso. Anamanga chilichonse m'malo mwake, modekha, mwaluso, ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene anaigwirapo pagalimotoyo. Kukhonde kwawo a Anastasia ankasenda chinangwa atafulatira, akuyimba chapansipansi nyimbo ya m'tchalitchi. Mkamwini anali pakhomo tsiku lonse.

Injini inalira pa kuponda koyamba. Martina anabwera ndi phukusi lomanga m'nsalu n'kuliika pampando. Blasius anati akukangofotokoza kwa Che Uladi, mwina amumvera. Martina anavomera kuti inde, mwina amumvera. Dorica anagwada chapatali n'kunena kuti ayende bwino.

Ku Balaka anafika m'mawa mwake, poti pantoni inali itaweruka ndipo anagona pagombe. Che Uladi anali pakhonde la sitolo, Jasten ali pambali pawo atavala kale magalasi adzuwa. Che Uladi sanakalipe. Anangotambasula dzanja, Blasius n'kuikamo makiyi. Kenako, poti anali munthu wokonda katundu wake, anafunsa ngati matenda aja anapezeka.

"Anapezeka," anatero Blasius. "Yachira. A Jasten siidzawavuta."

Che Uladi anafuna kudziwa kuti chinali chiyani, kabuleta kapena batire. Blasius anayang'ana madengu amene anyamata ankatsitsa. Akananena, pofika Loweruka Balaka yense akanakhala akuseka amayi a Martina, mpaka kudoko la ku Chiuta. Anangoti zinali zinyalala m'thanki, n'kutenga bokosi lake la masipanala.

Kusiteshoni anakhala pabenchi la anthu akuda, pansi pa mtengo, njala itamugwira. Anamasula phukusi lija akuyembekeza mbatata ziwiri zapaulendo. Munali mbatata zootcha, chinangwa chouma, mtedza wokazinga, mchere wokulunga m'tsamba, ndi malaya ake ena onse, ochapa, opinda bwino, mabatani osowa atasokereredwa. Chinali chakudya cha munthu wopita kutali. Anadya mbatata imodzi, kumanganso phukusilo, n'kupita pawindo kukafunsa tsiku la sitima ya kumwera.