Mapapo Obwereka

Malizani analota ali pamzere woyezetsa utsi wa magalimoto, dzuwa lili paliwombo, ndipo lamulo linali litasintha. Galimoto yolephera ankaizinga pomwepo ngati mbuzi.

Sizinamudabwitse. Anangotsitsa galasi n'kusuzumira kutsogolo. Kumapeto kwa mzere kunali shedi ya malata, mkatimo muli mayi wovala ovololo yoyera atagwira ndodo yachitsulo yoyezera utsi. Pambali pa shediyo panali dzenje, ndipo pa dzenjepo panaima azibambo atatu a nkhwangwa atavala majombo. Minibasi ina inali itangolephera kumene. Anaikoka ndi tcheni, inagwada ndi matayala akutsogolo, mmodzi anaikhapa pakhosi, ndipo inalira meee mpaka oilo yense anathera m'beseni. Kenako anaisenda. Mwini wake anamupatsa chiwongolero kuti apite nacho kunyumba, iye analandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Tsono abale, galimoto ya Malizani muidziwe. Dzina lake Namondwe. Inali ya malemu amalume ake, a Kwenda, munthu amene moyo wake wonse sanapyolepo giya yachitatu. Iwo atangotsikira kulichete, Malizani anaitsitsa mpaka mimba kumakhula pansi, anaiveka matayala onenepa, kenako anadula sefa ya utsi ija imakhala mu ekizozi, imene amakaniko amaitchula kuti mapapo. Pamalo pake anawotchererapo chipaipi choti nkhuku ikhoza kuikiramo mazira. Namondwe akalira, agalu a dera lonse ankasamuka. Akasintha giya ankalavula moto. Atsikana ankatseka makutu koma maso ali pomwepo, ndipo Malizani zimene ankafuna ndi zimenezo basi.

Tsiku loyezetsa, mukudziwa nokha, palibe galimoto imapita ndi ziwalo zakezake zokha. Uyu wabwereka matayala kwa mlamu wake, uyo wabwereka nyali kwa neba, akangodutsa akabweza. Malizani sanabwereke kanthu. Iye poti ndi shasha, anali atafwatika waya wotsukira mapoto m'chipaipi muja kuti utsi uzikodwa.

Mzere utasuntha, Namondwe anakhosomola kamodzi. Waya yense uja anatuluka ngati chipolopolo, anaboola galasi la galimoto yakumbuyo n'kumugulula dalaivala mano anayi akutsogolo. Bamboyo anatola manowo pansi, anawapukuta, n'kubwera nawo pawindo.

"Ndikhulupirira kuti awa ndi anu tsopano," anatero mwaulemu, magazi akuchuchira pa tayi.

"Zikomo bambo," anatero Malizani.

Atacheuka kuti awaike penapake, anapeza amalume ake atakhala pampando wa pasenjala, atamanga lamba, ali mu suti ija anawaika nayo m'manda, thonje likadali m'mphuno.

"Mphwanga."

"Wawa, malume."

"Mapapo a galimoto yanga ali kuti?"

"Ndinakataya kudzala, malume. Ankaibanikitsa. Pano imathamanga zedi."

"Ikuthamangira kuti? Ine ndinkayenda pang'onopang'ono, koma kumanda ndinafika pa nthawi yake."

Kutsogolo kunatsala magalimoto awiri. Anthu a nkhwangwa aja anali akunola pa simenti, mmodzi akuyesera kuthwa kwake pa tsitsi la pamkono, maso ali pa Namondwe.

"Bwereka," anatero a Kwenda.

"Kwa ndani, malume? Anuwo?"

"Anga chinadya chiswe."

Apo Namondwe anayankhulira mu wailesi, ndi mawu a mayi wowerenga mauthenga a maliro. "Ake omwewo ndi saizi yanga."

Malizani anagwira chitseko kuti aliyatse liwiro, koma lamba anamukoka n'kumufinya pakhosi, mpando unagona wokha. A Kwenda anatulutsa sipanala m'thumba la jekete. Anamung'amba shati, ndipo zinapezeka kuti nthiti za Malizani zinali zomanga ndi mabawuti, sikisi mbali iyi, sikisi mbali iyo. Onse anamasuka bwinobwino kupatula limodzi la pansi, limene linali ladzimbiri. Analithira malovu, linakana. Analiponda ndi nsapato, linakana. Ndiye anatenga hamala. Anamenya kamodzi, Malizani anakuwa mpaka hutala inalira yokha. Anamenya kachiwiri, nthiti inathyoka kuti phwa, kachidutswa kanakamata kudenga.

"Pepa mphwanga, sipeya tikafunsa."

Chifuwa chinatseguka chokweza m'mwamba ngati boneti, ndipo a Kwenda anachichirikiza ndi ambulera kuti chisawagwere pamutu. Anapisa manja onse awiri n'kuzula mapapo. Anatuluka akuphiriphitha ngati milamba iwiri, lina linawapulumuka n'kugwera pa mabuleki, analigwira pomwepo n'kulimenya mbama kuti likhazikike. Kenako analowa nawo pansi pa galimoto. Malizani anamva kuthetheka kwa moto wowotcherera, ndipo mzere wonse unanunkhira kanyenya. Ena anayamba kufunsana ngati pali amene ali ndi mchere.

Poti munthu sangayende ndi chibowo, m'chifuwa muja anaikamo chipaipi chija, chimene anachichotsa pansi pa galimoto. Anatseka ndi chibakera, kawiri, chifukwa ulendo woyamba sichinagwire.

Nthawi yawo inakwana. Malizani analowetsa Namondwe mu shedi, ndipo mayi woyeza uja anabwera pawindo.

"Ziwalo zonse ndi zake?"

Malizani anangogwedeza mutu, milomo atailuma, chifukwa mkati mwake munali mutayamba kugunda.

Mayiyo anazungulira kumbuyo n'kulowetsa ndodo mu ekizozi. Malizani anaimva ikumukanda kukhosi. Pakhoma panali makina okhala ndi singano komanso pakamwa, ndipo makinawo analawa mpweyawo, anatafuna pang'ono, n'kuyamba kulengeza kuti aliyense amve.

"Fodya wa kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Fumbi la pabwalo lozungulitsira magalimoto. Tsabola wa kambuzi. Bodza limodzi latsopano, likadali lotentha."

Singano inakwera n'kuima pakati penipeni pa chobiriwira ndi chofiira, ikunjenjemera.

"Ipume," anatero mayiyo.

Malizani anamva kuti akuti ikoke mpweya. Anaponda moto mpaka phazi kugunda pansi. Mapapo ake anafufuma kunsi kwa galimoto, anawamva akuwira, magazi anatumphuka m'mphuno n'kuwaza galasi lonse, diso lakumanzere linatuluka n'kulendewera pa tsaya. Singano inalumphira kofiira. Anthu a nkhwangwa anayamba kubwera, tcheni chikukwekwereka pambuyo pawo.

Mayiyo anasolola ndodo ija ili psuu, anabwera nayo pawindo n'kumukwapula nayo pakhutu. Khutulo linapsa n'kupindika.

"Ndati ipume. Sindinati ipume."

"Chotsa phazi, chitsiru iwe," ananong'ona a Kwenda. "Akunena kupuma kwa munthu wotopa."

Malizani anachotsa phazi n'kubwezera diso m'malo mwake ndi chala. Injini inatsika, inatsikabe, mpaka Namondwe anayamba kupuma mofatsa ngati khanda limene layamwa n'kukhuta. Mayiyo anabwezera ndodo. Singano inaganizaganiza, kenako inagwera kobiriwira. Anthu a nkhwangwa anatsonya n'kubwerera. Mayiyo ananyambita chipepala n'kuchimata pa galasi.

"Yakhoza."

Apa abale ndi pamene Malizani anazilakwitsa. Anaseka.

Pakamwa pake panatuluka mkokomo umene unasasula malata awiri a shedi, ndi lawi la moto lotalika ngati nsungwi. Nsidze za mayi uja zinapsa zonse, mapepala ake anasanduka phulusa, ndipo chiutsi chakuda bii chinadzaza shedi mpaka mpheta zinagwa kuchokera kudenga zitafa kale.

Mayiyo anasisita pamene panali nsidze.

"Tsikani, bambo. Inunso mumayenda pamsewu."

Anamuimika pamene panaima galimoto. Anamukanula kamwa ndi sipanala ya a Kwenda, anakankha ndodo mpaka inakagunda m'mimba. Makina aja analawa kamodzi kokha, anati "mayo ine," n'kusanza singano pansi.

"Walephera."

Tcheni chinamuzenga m'miyendo, anagwa chafufumimba, chibwano chinamenya simenti. Akumukoka choncho anaona a Kwenda atasamukira pa chiwongolero, akukonza kagalasi koonera kumbuyo.

"Malume! Mapapo anga! Mwadutsa kale, ndibwezereni!"

Mawu aliwonse ankatuluka ndi moto, ndipo udzu wa m'mbali mwa njira unayaka.

"Zobwereka sabweza woyeza akuona, mphwanga. Ukatipeza kunja kwa geti."

Anaika giya yoyamba. Namondwe ananyamuka pang'onopang'ono, mwaulemu, indiketa ikuphethira ngakhale njira inali yowongoka, akuimba mluzu umene Malizani amaimba posamba. Geti linali pafupi, mwina mapazi makumi awiri basi. Munthu woyenda chokwawa akanawapitirira. Malizani anakumba pansi ndi zala mpaka zikhadabo zinatsalira m'dothi, koma tcheni chinkapita kwina.

Pa dzenje anamugwaditsa. Wina anaika beseni pansi pa khosi lake, wina anamugwira tsitsi. Wamkulu wawo, bambo wa ndevu zoyera, anavula chipewa.

"Mutikhululukire, achimwene. Tiyenera kudziwa pamene pali injini, kuti tisakhape kawiri."

Anatembenuza nkhwangwa n'kuyamba kumugogoda pachifuwa ndi msana wake, khutu atatchera. Go, go, go. Anasuntha pang'ono. Go, go, go. Anamwetulira, analavulira m'manja, anakweza nkhwangwa m'mwamba.

Go, go, go.

Malizani anatsegula maso. Dzuwa linali paliwombo, shati yonse ili chonyowa ndi thukuta. Magalimoto akutsogolo anali atapita kalekale, akumbuyo akuimba mahutala ngati ukwati. Pawindo panaima woyeza weniweni, bambo osati mayi uja, cholembera chili kukhutu, akugogoda galasi ndi kiyi.

"Aise, pano si pa resitihausi. Anzako akudikira. Tsegula boneti."

Malizani anamuyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anagoneka mpando, anayang'ana kudenga, n'kuyamba kumasula mabatani a shati.

"Koma pang'onopang'ono, bwana," anatero. "La pansili ndi ladzimbiri."